Tsitsi la Asiatu

Inu amene mukuti zanu zavuta, tamvani za Kulusumu wa ku Old Town, mu Lilongwe. Tsiku loipitsitsa pa moyo wake linamupeza atagwada pamkeka, chipeso chili m'manja, akusambitsa mtembo wa mwana wake yemwe.

Zinali m'zaka zija ayufi, anyamata a chipani, ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Kulusumu anali mayi wamasiye wogulitsa tomato, ndipo mwana anali naye mmodzi yekha, Asiatu, namwali wa tsitsi lambiri. Asiatu anadwala dzinja lonse ali chigonere, moti pomwalira tsitsi lija linali litapotana n'kuumbika ngati chisa cha mbalame.

Pa mwambo wa Chisilamu, mtembo wa mkazi amausambitsa akazi anzake. Tsitsi amalitsuka, kulipesa mofatsa ndi kuliluka, ndipo likathothoka amalibwezera m'sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Wotsogolera ntchitoyi anali a Mwanasha, mayi wachikulire amene anasambitsa maliro ambiri m'deralo.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga," anatero a Mwanasha. "Womwalira amamva kuwawa ngati wamoyo, kungoti sangakuuze."

Koma sopo wamtanda anali ataliumitsa tsitsilo gwa! Chipeso chinakodwa. Kulusumu anakoka pang'ono chabe, ndipo tsitsi lodzaza dzanja linazuka. Mutu wa Asiatu unagwedezeka n'kutembenukira kwa mayi ake.

Maliro anaikidwa, anthu anabalalika. Ndiye tsiku lina dzuwa lili paliwombo, msika utadzaza, china chake chinamukoka Kulusumu tsitsi kunkhongo, kunsi kwa mpango. Anacheuka. Kumbuyo kwake kunali dengu la tomato basi.

Chinthucho sichinkadikira mdima. Chinkamukoka kumpopi, chinkamukoka pamlatho wa Lilongwe pakati pa njinga ndi anthu, ngakhale pamkeka wopempherera. Ndipo chinkakoka malo amodzimodzi, pomwe tsitsi la Asiatu linazuka. Kulusumu anaonda. Ogula nawo anayamba kumulambalala, poti ndani angakonde kugula kwa munthu amene amangocheukacheuka kumene kulibe munthu?

Atatopa nazo anakawauza a Mwanasha kuti mwana wake sanamukhululukire.

"Kaya ndi mwanayo, kaya ndi mtima wako, ine sindidziwa," anayankha mayiwo. "Chimene ndikudziwa n'chakuti maliro ena akubwera, ndipo sopo ndi yemwe uja."

Mawu amenewa sanamutonthoze, koma anamupatsa ntchito. Anakumbukira mmene manja amaterera munthu akamakonza therere la chewe, komanso zimene ankanena amayi a kumudzi obwera nalo pamsika, kuti kwawo amatsukira m'mutu masamba omwewo. Anagula mulu wake, naufinya m'madzi ofunda, ndipo mutu woyeserapo unali wake womwe.

Musaganize kuti zinangotheka. Chewe payekha ankamasula tsitsi koma litsiro ankalisiya. Atathiramo sopo wopalapala, anachulutsa, tsitsi linaumanso ngati udzu wa m'chilimwe. Atathiramo mafuta a nsatsi, fumbi lonse la mu Lilongwe linasamukira m'mutu mwake. Atafinyiramo mandimu, zonse zinadukaduka ngati chambiko, mpaka anaphunzira kuti mandimu malo ake ndi m'madzi otsukuluzira. Aneba ankaseka kuti mayiyu ndiwo akudyera kumutu. Iye anapitirizabe, poti chinthu chija chinali chikumukokabe kunkhongo.

Anachepetsa ichi, anaonjezera icho, mpaka mmawa wina chipeso chinadutsa m'tsitsi lake popanda kukodwa, tsitsilo lili lofewa, losalala. Anathira mankhwalawo m'mabotolo n'kuwaika pambali pa tomato. Atsikana a m'maofesi a ku City Centre anawatcha shampu, ndipo anayamba kuuzana.

Oyamba kutenga mabotolo anali a Mwanasha. Ankapita nawo kumaliro, akatha n'kuwabweza kuti adzazidwenso. Kulusumu mwini wake sankalowanso m'chipinda chosambitsira maliro. Chichokereni Asiatu, akangofika pakhomo ankabwerera.

Apa ndi pomwe panabadwa vuto. Chewe wamuwisi sachedwa kuwola. Botolo likagonera masiku, zam'katimo zinkada, ndipo ukatsegula linkatuluka fungo loti munthu n'kugwira mphuno. Tsono anthu anali ataona mabotolo omwewo akutuluka m'nyumba za maliro n'kulowa pa benchi la Kulusumu. Mukuwadziwa anthu a pamsika. Mbiri inamveka ponseponse kuti mayiyu akugulitsa madzi osambitsira mitembo, chizimba chokokera makasitomala.

A Bauleni, tcheyamani wa msika, anabwera okha ndipo anaima patali ndi benchilo.

"Mayi, mabotolo amenewa ndisawaonenso pano. Nkhaniyi ikafika ku chipani, ine sindikukudziwani."

M'zaka zimenezo mawu otere sanali amasewera. Kulusumu anakhuthulira mabotolo onse m'ngalande anthu akuonerera. Akuwerama choncho, chija chinamukoka mwamphamvu kuposa kale, mpaka mpango unagwera m'matope. Panalibe amene anamutolera.

Anafika kunyumba atatsimikiza kuti basi, zatha. Pakhonde panali lichero la chewe amene anamuiwala, atauma kuti gwa. Anamutapa kuti akataye, masamba aja n'kufumbutuka m'dzanja lake la thukuta. Atafikisa zala, zinaterera.

Anaima pomwepo nthawi yaitali akuyang'ana dzanjalo. Kenako anatulutsa mtondo.

Anasinja chewe wouma uja, namusefa. Anayanika sopo wopalapala, namusinjanso, n'kufikisiramo timadontho ta mafuta a nsatsi. Ufawo anausiya pashelefu mwezi wathunthu, sunawole, sunanunkhe. Atauthira m'madzi ofunda unachita thovu lake loterera bwinobwino. Anaumanga m'timapepala n'kubwerera kumsika.

A Bauleni anafika nkhope ili yokwinya. "Mwabweranso? Muli madzi a chiyani umu?"

"Mulibe madzi, a tcheyamani," anatero Kulusumu akufunyulula kapepala. "Madzi mukathire anu, a kunyumba kwanu."

Bambowo ananunkhiza, anagwira ndi chala, nachoka. Mawa lake akazi awo anabwera kudzagula, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba.

Kuyambira pamenepo zinayenda. Okonza tsitsi a m'tauni ankagula kwa iye, antchito a m'nyumba za ku Area 43 ankatumidwa ulendo wonsewo kudzafuna ufa wa Kulusumu, ndipo m'kupita kwa zaka anatsegula kagolosale kake ku Area 2. Amayi a kumudzi amene kale ankangomugulitsa kamulu ka chewe anapeza msika. Aliyense ankati mayiyu zake zayera. Sankadziwa kuti ngakhale kuseri kwa kauntala yake, masanasana, chija chinkamukokabe.

Kenako a Mwanasha anadwala, nagona nthawi yaitali. Chodabwitsa, ankakana kuti wina aliyense awagwire kumutu. Ana awo akabwera ndi chipeso ankawakankha dzanja.

"Lisiyeni lipotane," ankatero. "Ndikumusungira Kulusumu."

Tsiku limene anamwalira, uthenga unamupeza Kulusumu pagolosale. Anafika pakhomo la chipinda chija, fungo la lubani likutuluka. Amayi onse ankamuyang'ana. Analowa.

Tsitsi la a Mwanasha linali loyera, loumbika ndendende ngati la Asiatu. Kulusumu anasungunula ufa wake m'mbale, nanyowetsa tsitsilo, nalimasula ndi zala kuyambira kunsonga, akunong'ona pemphero. Kenako anatenga chipeso. Chinatsika kuchokera pamphumi mpaka kumapeto osakodwa paliponse. Anachikweza m'mwamba kuti aone, ndipo m'mano mwake munalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Nthawi yomweyo anamva dzanja kunkhongo kwake, pamalo paja. Anadikira kuti limukoke, koma dzanjalo linangomusisita kutsika nalo tsitsi, mofatsa, monga ankachitira Asiatu ali wamng'ono akaberekedwa kumbuyo. Kenako linachoka.

Kulusumu sanacheuke. Anamaliza kuluka tsitsi la a Mwanasha misozi ikugwera pamkeka, ndipo chichokereni tsiku limenelo palibe chinamukokanso.

Inunso mwina muli ndi chanu chimene chimakukokani kunkhongo dzuwa likuswa mtengo, cholakwa chimene simungachibweze. Kulusumu tsitsi la mwana wake sakanalibwezera, koma anaonetsetsa kuti lisazukenso la wina. Zanu zikawola, yang'anani bwino zimene zatsala palichero musanakataye. Osataya mtima, ndipo tsiku lolowa m'chipinda chimene mumachiopa likafika, lowani.