Mbale ya alamu anga a Saidi

Lachiwiri lapitali anandiitana ku Lifuwu kuti ndikawerenge kalata. Alamu anga a Saidi, osoka makoka, anabwera nayo kuchokera kuchipatala cha akhate kumene anakhala miyezi itatu. Kuchoka pasiteshoni ya Salima anachita kuwanyamula pamachila, chifukwa miyendo inaleka kugwira ntchito.

Zinayamba ngati dzanzi kuzala zakumapazi. Dzanzilo linakwera mpaka manja anayamba kugwetsa ulusi wa khoka. Sing'anga anatema mphini. Shehe anapereka chithumwa. Adiresala, othandizira dokotala kuchipatala, anawabaya kasingano kuphazi, ndipo ataona kuti sakumva kanthu, anangoti ndi khate. Inu mukudziwa, kuno kwathu dzanzi lili ndi dzina limodzi basi. Tsiku lomwelo abale anawapatulira mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo.

Kalatayo inali ya Chingerezi. A Saidi anasonkhanitsa abale pakhonde, n'kundiuza kuti, "Alamu, werengani mokweza, adzimvere okha. Ndatopa nako kudya ndekha ngati galu."

Ndinawerenga, n'kumasulira. Dokotala analemba kuti si khate ayi. Ndi matenda a mitsempha, ndipo iye sakuwadziwa bwino. Wowadziwa m'Nyasalande muno mulibe, kapena akayesere ku Halale.

Ku Halale! Munthu amene sangathe kufika yekha kuchimbudzi?

Chimene chikundiwawa n'chakuti aliyense amene a Saidi anamupeza anatchula matenda amene iye ali ndi mankhwala ake. Mmodzi yekha ndiye anavomera kuti sakudziwa, komatu pamenepo dzanzi linali litafika m'chiuno. Amati safunsa anadya phula. Nanga amene wafunsa khomo ndi khomo, n'kudyabe phula, tizimutcha ndani? Ndipo amene anawapachika dzina la khate, adzabwera liti kudzalichotsa?

Anthu anamvetsera kalata yonse, ena n'kumagwedeza mitu kuti Alihamudulila. Kenako unabwera mpunga. Amuna anasamba m'manja m'beseni limodzi. Mlongo wanga, mkazi wa a Saidi, anatenga mbale ija yobenthuka kukamwa, n'kukaiika kumapeto kwa mkeka monga mwa masiku onse.

A Saidi anangondiyang'ana, akuvutika kupinda kalata ndi zala zosamva zija.

Mukufuna kudziwa kumene ndinakhala ine, mphunzitsi, wowerenga Chingerezi? Ndinadya ndi enawo. Mpaka lero ndili ndi manyazi.

Inu amene mukundiseka, mukanapisa dzanja m'mbale iti?