Mchere wa Padenga

Akulu ena kwathu kuno ku Haurani safuna kumva za wailesi pa nkhani ya nyengo. Chilimwe chikamatha amaunjika timilu ta mchere padenga la nyumba, kalikonse ndi mwezi wake. Kamulu kakadzuka konyowa, basi, mwezi umenewo kugwa mvula. Nyenyezi zikathothoka amati kukubwera mphepo. Phiri lathu lamoto, lomwe linazima makolo asanabadwe, amalilonjera m'mawa uliwonse: "Gona choncho mnzanga, usatsokomole!"

Chaka chino anayanika mphesa zawo zonse padengapo, ndipo banja limadalira zomwezo nyengo yozizira.

"Bambo, mawondo angawa akuwawa, mvula ili pafupi," anatero akazi awo. "Tsitsani mphesa."

"Mawondo? Mawondo anayamba liti kuona kumwamba? Mchere sunanene!"

M'mawa mwake akuluwo anakwera padenga, n'kupeza kamulu koyamba kali chinyezi chokhachokha. Anayamba kukuwira mnzawo woyandikana naye: "Nayefu! Dzuka, mlesi iwe! Mchere wanena! Mvula, anthuni, mvula!"

Mudzi wonse piringupiringu kutsitsa mphesa. Madzulo chimvula chinakhuthuka, akuluwo akuvina pakhonde ngati achigwetsa okha.

Nayefu anasendera kwa akazi a akuluwo, nanong'ona: "Alamu, ketulo ya madzi ija munakwera nayo padenga m'mamawa, mumakamwetsa ndani?"

"Imwani khofi wanu, achimwene," anayankha uku akusisita bondo. "Mchere wa bambowa sulankhula kukhosi kuli gwa."