Mawu a pa wailesi tsiku la mwera

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Anamva kumzikiti kuti kampani ina yoweta chambo m'makhola a panyanja, kufupi ndi ku Nkope, ikufuna munthu wolankhula Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Anandiperekeza mpaka pageti nkundiuza kuti, "Asiyatu, usakachite manyazi ndi pakamwa, chifukwa pakamwapo ndiye khasu lako."

Anandiika m'kachipinda koyang'ana kumadzi. Zida zanga zinali wailesi yolankhulirana, mabatire ake ndi foni ya pa ofesi. Ndikafuna kulankhula ndinkadina batani, ndikamaliza nkunena kuti "ova". Mmawa nkhungu inkabisa makholawo, moti mawu a anthu a m'boti ankamveka ngati akutuluka pansi pa madzi. Ambiri ndinayamba kuwadziwa ndi mawu ndisanaone nkhope zawo. A Che Mdoka, oyendetsa boti, anali ndi mawu okhuthala, osathamanga. Nthawi zina ankaiwala kusiya batani, ine nkumamva mafunde, chakudya cha nsomba chikuwazidwa ngati mvula, ndi wina akuyimba chapansipansi. Ndinkatsinzina nkumadziona ndili komweko.

Koma mauthenga pakampanipo ankayenda njira zosakumana. Mabwana ankalemberana pa gulu la pa foni, m'Chingerezi. A kusitolo ankangomva zam'maluwa. Ine pagulupo panalibe, poti ndinali ndisanalembedwe ntchito yokhazikika.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunacha bata. Boti linanyamuka ndi matumba a chakudya cha nsomba monga mwa masiku onse. Dzuwa litakwera, a Chirwa, manejala wathu, anaimba foni ali ku Mangochi.

"Boti mwalikokera kumtunda?"

"Lili kumakhola, bwana."

"Ndinalemba pagulu mmamawa kuti kukubwera mwera, asapite. Palibe wakuuzani?"

Palibe anandiuza. Aliyense amene anawerenga ankayesa kuti mnzake wanena kale.

Nditasuzumira pawindo, madzi anali atada, mafunde atavala zipewa zoyera. Ndinadina batani. "Che Mdoka, Che Mdoka, mukundimva? Ova." Kunkangomveka phokoso ngati la chimanga chokazinga. Ndinaitana mpaka kummero kuuma. Kenako mawu aja anabwera, apatali, odukaduka.

"Tikukumva, mwanangu. Injini yamwa madzi. Tamangirira boti kukhola. Usachoke pamenepo."

Sindinachoke. A Chirwa ankalankhula pa foni kukhutu lina, ine nkumatembenuzira pa wailesi m'Chiyao: valani majekete oyandamitsa, tayani matumba kuti boti lipepuke, musadule chingwe. Chilichonse ndinkawapempha achibwereze, chifukwa mphepo inkadya mawu. Akazi a Che Mdoka anamva, nabwera kudzaima pawindo langa. Mayi Mdoka sanalire. Ankangoyang'ana wailesiyo, milomo ikuyenda ndi duwa, pemphero la Chisilamu. Amuna awo akalankhula, ndinkakweza mawu a wailesi kuti amve okha.

Mphepo itatopa, asodzi a m'mudzimo anakawakoka ndi boti lawo. Anatsika ali zii ndi kuzizira, mmodzi atathyoka mkono, koma onse amoyo. A Che Mdoka anabwera pawindo, madzi akuchucha, nkungondigwira dzanja.

Mawa lake a Chirwa anatisonkhanitsa tonse, alonda ndi ophika omwe. "Ndinalemba, ndipo ndinayesa kuti ndanena," anatero. "Tiuzane, uthenga uziyenda bwanji kuti ufike kwa aliyense?"

A Che Mdoka anafotokoza kuti pamadzi mafoni amawatsekera m'chidebe kuopa kunyowa. Tinagwirizana kuti boti lisananyamuke tizikumana kaye tonse pagombe, titaimirira, aliyense nkunena zimene akudziwa za tsikulo. Uthenga wachangu uzidutsa pa wailesi m'chilankhulo cha woulandira, ndipo iye aziubwereza. Woutumiza asakhale pansi mpaka atamva kubwerezako.

Ndinagwira pamenepo zaka zingapo, kenako ndinapita kwina. Lero ndili mu ofesi ya makompyuta okhaokha, ndipo anzanga amandiseka kuti ndikatumiza uthenga wofunika ndimanyamukanso kukafunsa munthu kuti wamva chiyani. Ndimangomwetulira. Ndinaona ndi maso anga kuti uthenga wongotumizidwa umakhala udakali m'njira. Umafika pokhapokha woulandira akakubwezera ndi pakamwa pake.