Siling'i ya Makatoni a Mpendadzuwa

Chiperoni chikayandikira, amayi ankachoka kumudzi ku Mulanje n'kubwera kutauni, chifukwa mphumu yawo sinkagwirizana ndi chifunga cha m'phiri. Ana awo ku Blantyre kuno tilipo awiri. Ine ndine wamkulu, telala wa pakhonde ku Limbe, ndipo ndimakhala ku Manja. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mwamuna woodetsa mafuta ophikira ku Ginnery Corner, amakhala ku Sunnyside.

Amayi ankafikira kwa ine monga mwana wamkulu, koma kunali kungokwaniritsa mwambo. Akagona, m'mawa ankadzuka akutsokomola, maso ali kudenga. Nyumba yanga inalibe siling'i. Mphepo inkalowera pampata wa khoma ndi malata, mame n'kumadontha pabulangete. Dzuwa lisanafike pamutu, galimoto ya alamu inkakhala itaima panja, amayi n'kunyamula kachikwama kawo. Ankanditsanzika mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkandiwawa.

Tsiku lina ndinapita kukawaona ku Sunnyside. Ndinawapeza pabalaza atavula juzi, akusenda malalanje ngati ndi mwezi wa Okutobala. Mng'ono wanga, amene ndinkamubereka kumsana mamina ali chuchuchu, anayamba kundiphunzitsa.

"Achemwali, nkhani si hita ayi. Tinaitana anthu anayala zinazake ngati thonje pamwamba pa siling'i, n'kumata mipata yonse ya m'mawindo. Pano kutentha sikuthawa, ndiye mayunitsi a magetsi akumakhalitsa bwanji!"

Ndinati zikomo, zabwino zimenezo. M'minibasi pobwerera ndinakangana ndi kondakitala popanda chifukwa. Inali nsanje basi, sindikubisa. Nyumba yake sindinkaifuna, ngakhale mwamuna wake wamimba uja. Ndinkangofuna kuti amayi avule juzi m'nyumba mwanga.

Kanthu n'khama. Mvula itangotha chaka chotsatira, ndinayamba kutolera. Bambo achisilamu amene ndimasokera pakhonde la sitolo yawo anandilola kumatenga makatoni otha ntchito, ndipo ambiri anali a mafuta ophikira, ojambulidwa duwa la mpendadzuwa. Madzulo aliwonse ndinkakwera nawo minibasi, anthu akudandaula kuti ndikuwabaya m'nthiti. Zidutswa za nsalu zimene kale ndinkataya ndinayamba kuzisunga m'matumba.

Bambo a kunyumba anakhoma timatabwa m'munsi mwa malata m'chipinda chogona amayi. Ine ndinakwera patebulo n'kumawapatsira makatoni, ndipo pamwamba pake tinayala zidutswa zija mochindikala. Pampata wa khoma ndi malata tinatseka ndi njerwa zoduka ndi dothi. Pansi pa chitseko ndinasokerapo kamtsamiro kakatali kodzaza nsanza. Timabowo ta mpweya tokha ndi timene tinasiya, chifukwa nyumba yolowa mbaula siitsekedwa ngati botolo, anthu amagona osadzuka.

Tinakangana pa chinthu chimodzi. Bambo ankafuna kuti mbali yojambulidwa iyang'ane kumalata, pansi pazioneka poyera.

"Anthu amabisa zolembazo, mayi. Mukufuna chipinda chizioneka ngati golosale?"

"Inu khomani momwe ndanenera. Mbali ya maluwayi ndi yosalala, ndizitha kupukuta. Komanso amayi akagona aziona maluwa, osati khaki."

Anakhoma. Zala zanga zinatupa, msana unandipweteka sabata yathunthu, koma nditalowa m'chipindamo m'mawa wina wozizira ndinamva kufunda ngati m'thumba la malaya. Ndinaima pakati n'kuseka ndekha. Mng'ono wanga sindinamuuze kanthu, ndinkafuna adzamve galimoto yake ikubwerera yopanda munthu.

Amayi anafika chiperoni chitagwira kale, phiri la Soche losaoneka n'komwe. Anagona. M'mawa ndinatchera khutu kukhitchini, osamva chifuwa. Nditalowa ndi tiyi ndinawapeza ali chagada, bulangete lili m'chiuno, akumwetulira kudenga.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka bwino, mwanawe, ngati mwana wakhanda. Muno mwasintha."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi kudikira mawu otsatira, manja otupa aja nditawaika poonekera.

"Mng'ono wakoyu Mulungu amudalitse," anatero amayi. "Waona kuti mkulu wake akuvutika, watumiza makatoni a kuntchito kwa mwamuna wake."

Amayi sadziwa kuwerenga, koma duwa lija ankalidziwa bwino. Khirisimasi iliyonse alamu amawatumizira shuga, sopo ndi mafuta m'katoni ya mpendadzuwa yomweyo. Kwa iwo duwa limenelo linali ngati nkhope ya mkamwini wawo.

"Amayi, makatoniwa ndatolera ndekha ku Limbe. Nsalu zili pamwambazo ndi zanga. Takhoma ndi bambo a ana."

"Eya, kukhoma mwakhoma ndinu, ndani wakana? Koma munthu akakupatsa chinthu umathokoza. Nsanje imeneyi unayamba uli wamng'ono."

Ndinatuluka ndi thireyi tiyi ndisanathire n'komwe. Kuseri kwa nyumba bambo ankatsuka m'kamwa, ndipo anali atamva zonse kudzera pa timabowo tija. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyang'ana kumwamba, mapewa akugwedezeka, ndipo ndikanakonda akanangonena.

Galimoto ya alamu inabwera nthawi yake yomwe ija. Amayi anatuluka opanda kachikwama, n'kuuza mng'ono wanga kuti chaka chino akhala ku Manja. Kenako anamugwira manja onse awiri n'kumuthokoza chifukwa cha siling'i. Iye anandiyang'ana, nane ndinamuyang'ana. Ndinadikira kuti akane. Anangoti, "Musadandaule amayi, n'zazing'ono."

Amayi anakhala kwathu mpaka mphepo ya Ogasiti itatha, osatsokomola, juzi ili pamsomali. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwaotchera mbatata. Zimene ndinkafuna ndinazipeza. Koma m'mawa uliwonse ndikamalowa ndi tiyi ndinkawapeza akupemphera maso ali pa maluwa anga aja, ndipo dzina loyamba kutchulidwa silinali langa.