Mulala Wanga Sindinausiye

Ndinali ndisanathe msinkhu pamene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, n'kufikira kwa azakhali ku Canongola, mumzinda wa Tete. Amayi anabwerako ndi mano ogwedera. Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala, dotolo n'kuzula limodzi mosavuta ngati chinangwa cha pamchenga. Analikweza m'mwamba kuti tilione.

"Mayi, dzino ili lilibe bowo. Nkhama ndi zimene zalitaya."

Kenako anandiyasamitsa ine. Zanganso zinali zitatupa, zofiira ngati tomato wakupsa.

"Iwe, pamene pakutuluka magazi ndi pomwe pali litsiro. Uzitsuka pomwepo, mofatsa, m'mawa ndi madzulo. Ukasiya, udzabwera ngati amakowa."

Mswachi wa m'sitolo tinalibe. Ndinapeza mulala, muzu uja timatafuna kunsonga mpaka ulekane ngati tsache. M'mawa mwake ndinalavula zofiira kuseri kwa bafa, azakhali n'kuona.

"Mayo ine! Chilonda amachikanda? Bweretsa kuno!"

Anauponya padenga. Kwathu lamulo linali lomwelo: m'kamwa mukatuluka magazi, siya kutsuka, mupume. Amayi analimvera lamulolo zaka zonse, ndipo ndinali nditaona kumene linawafikitsa.

Malata a ku Tete masana amawotcha ngati chiwaya, koma ndinakwera. Mawondo anasupuka, mulala ndinatsika nawo. Ndinkaubisa m'mpango, koma muzu umenewu sungabisike: umasiya milomo ili psuu.

"Waonanso milomoyo? Mwana iwe uli ndi makani ngati mbuzi ya pamsika!"

"Azakhali, ndimenyeni kumsana. M'kamwamu ndi mwanga."

Anandimenyadi, ndi chipande. Ndinalira, n'kukatsukanso. Magazi anayamba kuchepa, mwezi usanathe ndinalavula zoyera. Ndinawaitana kuti adzaone. Anangoti, "Apita okha amenewo."

Lero ndine gogo, ndimagulitsa mbatata ndi kabichi za ku Angónia, ndipo nzimbe ndimasenda ndi mano anga. Adzukulu ali ndi miswachi yamitundumitundu, koma akangoona kadontho kofiira amafuna kusiya. Ndimawaimirira pamutu mpaka amalize. Chimene ndinadziwa n'chakuti akulu akhoza kukukonda ndi mtima wonse n'kukulakwitsa ndi mtima womwewo.

Azakhali adakali moyo. Nyama ndimawasinjira mumtondo, amadya ndi usinini wokhawokha, akundinenabe kuti ndinali mwana wosamva. Sinditsutsa. Ndimangowafunsa ngati ndiwonjezere msuzi.