Alamu Anakana Kudzuka Bwino

Achimwene anga anakawatenga alamu ku Nsaru n'kubwera nawo chitengwa kwathu, kufupi ndi Kabudula. Anali mayi wamphamvu pa khasu ndi pakamwa pomwe. Nyengo yosoka fodya inkafika ife tonse tikudziwa kuti mzere wawo m'chigafa udzadzaza msanga kuposa wa wina aliyense, ndipo ankatiseka ife alamu awo kuti manja athu anazolowera kugwira choko kusukulu.

Mapazi anayamba kuwavuta atabereka mwana wawo womaliza. Ankati akuyaka ngati aponda phulusa lamoto, tsiku lina n'kumati mukuyenda linthumbu. Ukawayang'ana, mapaziwo anali abwinobwino, opanda bala, osatupa. Kuchipatala anawayeza malungo, shuga, magazi, zonse zinatuluka bwino. Dokotala wina anati ndi kutopa, wina anati ndi maganizo, wina anawafunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Aliyense ankawapatsa panado n'kuitana wotsatira. Ine ndinkawaperekeza, ndipo ndinkabwerako mtima uli m'malere, ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Choopsa sichinali motowo ayi. Achimwene ndi munthu wokhulupirira mawu a dokotala ngati a m'Baibulo. Atamva kangapo kuti palibe matenda, anayamba kuwayang'ana akazi awo ndi diso lina, lija loyang'anira munthu wozemba ntchito. Sankanena, koma pakhomo tonse tinkaliona.

Ndiye alamu anachita chinthu chimene sindinachionepo kwathu kuno. Anasiya kuyankha moni monga timayankhira. Munthu kwathu ngakhale ali pamphasa osadzuka amati ndadzuka pang'ono, kaya inu. Iwo ayi. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankakuuza mosapsatira kuti sanadzuke bwino, mapazi akuyaka, lero lakumanzere kuposa lakumanja. Pachitsime, kutchalitchi, ngakhale kwa apongozi awo enieni. Anthu ankanong'onezana kuti mayi wa ku Nsaruyu alibe mwambo. Nditawadandaulira kuti akutichititsa manyazi, anandiseka n'kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo akapitiriza kunena kuti ali bwino adzayamba kudzikayikira okha. Kunena zoona, ndinawasirira tsiku limenelo, chifukwa ine mtima wotero ndilibe.

Ulendo wina anakakamira kuti achimwene apite nafe. Tinapeza dokotala wachilendo, mayi wooneka wotopa, mzere uli mpaka panja. Dokotalayo atapereka moni osakweza mutu, alamu anayankha monga mwa chizolowezi chawo chatsopano, ndipo asanauzidwe anavula nsapato n'kuika phazi pampando.

"Adokotala, musanalembe, agwireni kaye mapaziwa. Onse aja analemba osawagwira."

Achimwene anayang'ana pansi. Dokotala uja anaika cholembera pambali, anagwada, n'kuyamba kuwakhudza ndi thonje kuchokera ku zala mpaka m'miyendo, alamu atatsinzina. Penapake ankamva, penapake osamva konse, penapake ankadzidzimuka ngati awabaya ndi minga. Kenako dokotalayo anawauza kuti ndi mitsempha, ululuwo ndi weniweni, koma chimene chikuyambitsa sakuchidziwa, ndipo awatumiza ku chipatala chachikulu m'tauni. Sindinamvepo dokotala akuvomera kuti sakudziwa. Ndinamukonda mayi ameneyo kuposa onse amene ankadziwa zonse aja.

Pobwerera achimwene anawakweza akazi awo panjinga, iwo n'kumaikankha pansi pamitunda yonse. M'mawa mwake tinapeza khasu la alamu palibe pakhonde. Achimwene anali atalipachika pamtanda wa denga, pamwamba poti munthu sangalifikire, iwo n'kupita okha kumunda. Kumeneko kunali kupepesa kwawo, chifukwa pakamwa sakanatha.

Alamu analiyang'ana khasulo kwa kanthawi. Kenako anandituma kuti ndikatenge mpando, ndikwere, ndilitsitse. Ndinakana, ndikuwakumbutsa za mapazi. Anakwera okha, akuluma mano, n'kulitsitsa. Ndinawatsatira mpaka kumunda, akuponda pang'onopang'ono m'mphepete mwa njira momwe munali mame. Achimwene atawaona anaimika khasu n'kuwafunsa kuti abwereranji, poti akudwala.

"Ndikudwaladi, bambo a m'nyumba, ndipo ndikatopa ndikhala pansi. Ine sindinkafuna kupuma. Ndinkafuna mundikhulupirire."

Anaima pamzere woyandikana ndi wa amuna awo n'kuyamba kupalira.