Sitima Imene Achimwene Anakwera

Bambo anga anagwira ntchito yosonkha moto m'sitima ya mishoni ali mnyamata. Manja awo anali ndi zipsera mpaka m'zigongono. Atakalamba ankakhala pakhonde kwathu ku Malindi akusoka ukonde, ndipo munthu akatchula sitima sankangomusiya.

"Mawu amenewa ndi a Chingerezi, akuchokera ku nthunzi," ankatero. "Madzi awire, nthunzi ikankhe chitsulo. Sitima zadizilo zanuzi dzina angoba."

Ankanena kuti mawuwa anayambira pamadzi, kenaka anatuluka kumtunda. Anthu ataona chinthu chofuka utsi chikuyenda panjanji anachitcha sitimanso, poti mimba yake inali ya moto ngati inzake ija. Koma kwa amayi, omwe njanji anali asanaionepo, sitima inali imodzi basi, yapanyanja.

Achimwene anga, oyamba kubadwa, anali mphunzitsi. Chaka china anakana kutulutsa ana m'kalasi kuti akaime pamsewu kudikira akuluakulu a chipani, poti mayeso anali pafupi. Pasanathe nthawi mnzawo wina anawanong'oneza kuti dzina lawo lapita kuboma. Masiku amenewo munthu dzina likapita kuboma, iyenso ankatsatira.

Achimwene anabwera masana, ine ndi amayi tikutembenuza usipa pathandala. Ndinali nditakwatiwa kale, ndili ndi mwana kumsana. Analibe chikwama, anangokoleka jekete paphewa.

"Amayi, ndikukakwera sitima. Wina akafunsa, simukudziwa."

"Mudya kaye?"

"Ndidya kutsogolo."

Anagwira mwana wanga kaphazi, nazungulira kuseri kwa nyumba. Bambo anali atapita kutchalitchi, moti sanatsanzikane.

Anyamata a chipani anafika mawa lake. Anagudubuza katundu, natenga mabuku ndi wailesi. Amayi anati sakudziwa kanthu. Koma kuyambira pamenepo mtima wawo unali kunyanja. Ankakhulupirira kuti mwana wawo ali ku Nkhotakota kapena kumpoto. Akamva kuti munthu watsika sitima, ankamutsata kunyumba kwake ndi kambale ka mpunga, n'kumufunsa motsitsa mawu ngati anaonako mwamuna wamtali wa mpata m'mano. Anthu anayamba kuwathawa. Ngakhale amayi anzawo a m'kwaya ankasuntha pabenchi.

Patapita zaka kunabwera bambo wina wogulitsa nsalu wa ku Chiponde, Msilamu, mnzawo wa amalume. Anadikira kuti pakhonde pasakhale mlendo.

"Mwana wanu ndinamuona ku Kuwamba, tsidya la malire," anatero. "Ankanyamula katundu pasiteshoni. Anati adzapita ndi sitima mpaka kunyanja yamchere."

Amayi anamuyang'ana osamvetsa. "Ku Kuwamba kuli nyanja?"

"Sitima yapamtunda, amayi. Yapanjanji."

Kenaka amayi anafunsa ngati mwana wawoyo anali wonenepa. Bamboyo anati anali bwinobwino, koma maso anayang'ana pansi.

Nthawi imeneyo n'kuti ku Mozambiki kuli nkhondo, sitima zikuwotchedwa panjira. Bambo anga anafuna kupita kukafufuza, koma miyendo inali itatha, ndipo kuwoloka malire kukanatiitanira mavuto ena. Anamwalira chaka chotsatira. Amayi anakhalako mpaka zipani zambiri zitabwera, anthu othawa akubwerera kwawo. Tsiku lililonse ankasesa m'chipinda cha achimwene. Ife sitinalire maliro, chifukwa panalibe amene anatiuza kuti tilire, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene achimwene anagona.